Waya wozizira wa ku Thyborøn

Lero tisiye kaye nkhani za mayeso ndi za kukwera mitengo kwa zinthu, tikambeko za waya.

M'buku lililonse la Physics la ku sekondale muli lamulo la Ohm, ndipo pafupi nalo pali linzake lija la Joule, lonena kuti magetsi akamadutsa m'waya, wayayo amatentha. Ife aphunzitsi timalemba pa bolodi I²R, ana n'kukopera m'makope, tsiku la mayeso n'kutibwezera. Gwero la kutenthako ndi R, resistance. Waya aliyense, ngakhale wa kopa wabwino chotani, amakanizako magetsi pang'ono, monga mmene mchenga umagwirira matayala a njinga. Mbaula ya magetsi ndi ayironi zimadyera pomwepo. Koma kwa munthu wopanga jenereta, kutentha kumeneku ndi msonkho umene amadula tsiku ndi tsiku osaona chimene wagula nawo. Ndiye chaka chilichonse pamapezeka mwana mmodzi, kawirikawiri wa benchi ya kumbuyo, wofunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga R atakhala ziro?"

Funso limeneli linayankhidwa kalekale, mu 1911. Heike Kamerlingh Onnes wa ku Leiden, m'dziko la Netherlands, anali atakwanitsa mu 1908 kuziziritsa mpweya wa helium mpaka kusanduka madzi. Ataika mercury m'kuzizira kumeneko, madigiri pafupifupi 269 pansi pa ziro, kapena kuti 4.2 kelvin, resistance inangosowa, kusowa kwenikweni. Mukayendetsa magetsi mu mphete ya chinthu chotero n'kuchotsa batire, magetsiwo amangozungulirabe. Chinthu chotere amachitcha superconductor. Ena mwa inu munakumana nacho kale osadziwa: makina ambiri a MRI a m'zipatala zikuluzikulu ali ndi waya wa niobium ndi titanium woviikidwa mu helium wamadzi. Chimene chandikoka ine n'chakuti mainjiniya ena anaganiza zokweza waya wotere pamwamba pa mlongoti, m'mphepete mwa nyanja yamchere, kuti azipangira magetsi a mphepo. Koyamba kumva zimakhala ngati misala. Tiyeni tione chimene chinawafikitsa pamenepo.

Makina a mphepo a masiku ano, makamaka oimikidwa m'nyanja, asiyana kutali ndi timakina tija ta pa zithunzi za m'mabuku akale. Tengani V236 ya kampani ya Vestas ya ku Denmark. Phiko lake limodzi ndi lotalika mamita 115.5, kuposa bwalo la mpira kuchoka pa golo kukafika pa golo linzake. Mapiko atatuwo akamazungulira amasesa dera lokwana maekala pafupifupi 11, munda woti banja limodzi silingaumalize ndi khasu. Mphepo ikakhala bwino, makina amodzi amatulutsa mamegawati 15. Kapichira yonse, ija inawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, mphamvu yake ndi mamegawati pafupifupi 130. Ndiye kuti makina 9 oterewa angafanane ndi Kapichira, bola mphepo ikhale ikuwomba mokwanira, chimene sichichitika nthawi zonse. Amawakulitsa chonchi chifukwa ndalama zambiri zimathera pa maziko a pansi pa nyanja, pa zingwe za magetsi ndi pa kubwereka sitima ya kireni. Kuli bwino kuimika makina ochepa akuluakulu kusiyana ndi ambirimbiri ang'onoang'ono.

Kukulako kuli ndi mtengo wake. Nsonga ya phiko ili ndi malire a liwiro. Ikathamanga kwambiri, ngakhale madontho a mvula amayamba kuikukuta. Choncho phiko likatalika, makina ayenera kuzungulira pang'onopang'ono, ndipo akuluakuluwa amazungulira ka 10 pa mphindi kapena kucheperapo. Tsopano tengani choko. Mphamvu ndi torque kuchulukitsa ndi liwiro la kuzungulira. Torque ndi mphamvu yopotokola, ija mumaika pa sipanala pomasula nati ya tayala. Ka 10 pa mphindi ndi ma radian pafupifupi 1.05 pa sekondi. Ngati tikufuna mamegawati 10, tigawa 10,000,000 ndi 1.05, ndipo tipeza ma newton metre pafupifupi 9.5 miliyoni. Munthu wa makilogalamu 70 ataimirira pa nsonga ya sipanala yotalika mita imodzi amapereka pafupifupi 700. Ndiye kuti pangafunike anthu oposa 13,000 kuimirira pa sipanala imodziyo. Shafti ya makinawa imasenza katundu wotero kwa zaka 25 kapena kuposa.

Jenereta wamba imakonda kuthamanga, mwina ka 1,500 pa mphindi. Njira yakale ndi kuika giyabokosi pakati, ndipo imagwira ntchito. A Vestas akugwiritsabe magiya. Koma giyabokosi ili ndi mano, ili ndi oyilo, imatha, ndipo ikafa pakati pa nyanja simuitana makaniko wa ku Ndirande ndi kabokosi kake ka zida. Mumadikira sitima, mumadikiranso nyengo yabwino. Ena, monga a Siemens Gamesa, anaichotseratu giyabokosi m'makina awo a m'nyanja, mapiko n'kumazunguza jenereta mwachindunji. Apa ndi pamene Faraday amalowa. Mu 1831 iye anaonetsa kuti voteji imene imabadwa m'koyilo imadalira kufulumira kwa kusintha kwa mphamvu ya maginito. Ukachepetsa liwiro uyenera kulipira ndi china: jenereta ikule, kapena maginito awonjezere mphamvu. Kukula ndiye kumene kunachitika. Kanyumba ka pamwamba pa mlongoti, momwe mumakhala jenereta, kamalemera matani mazanamazana, ndipo tani iliyonse ya pamwambapo imafuna mlongoti wokhuthala, maziko okulirapo ndi kireni yaikulu.

Maginito a majenereta oterewa ndi a neodymium, chitsulo ndi boron, makilogalamu mazana angapo pa megawati iliyonse. Palibe maginito ena osafuna magetsi amene amawaposa mphamvu, komabe ali ndi pothera: pa kampata ka pakati pa mbali yozungulira ndi mbali yoima sapitirira kwenikweni tesla imodzi. Mukati mupange maginito ndi koyilo ya kopa, Joule akukudikirani panjira, pakuti karenti ikakwera kawiri kutentha kumakwera kanayi. Waya wa superconductor alibe msonkho umenewo, ndipo pa kukhuthala kofanana amanyamula karenti yochuluka kuwirikiza makumi ambiri, nthawi zina kuposa ka 100. Maginito amphamvu m'malo ochepa, jenereta yaing'ono, yopepuka. Pa pepala nkhani yathera pomwepa. Koma paja walira mvula walira matope.

Matope oyamba ndi chinthu chopangira koyiloyo. Kwa zaka 75 superconductor aliyense ankafuna kuzizira koopsa. Mu 1986 Georg Bednorz ndi Alex Müller, a ku labotale ya IBM ya ku Zürich, anapeza chosakaniza cha lanthanum, barium, kopa ndi okosijeni chimene chimataya resistance pa ma kelvin pafupifupi 35, ndipo chaka chotsatira analandira mphoto ya Nobel. M'chaka chomwecho cha 1987 gulu la Paul Chu ndi Maw-Kuen Wu ku America linaikamo yttrium n'kupitirira 90 kelvin, pamwamba pa 77 kelvin pomwe naitirojeni amakhala madzi. Naitirojeni ndi wotchipa, ndiye gawo lalikulu la mpweya tikupumawu. Dziko la sayansi linavina. Kenaka anthu anachigwira m'manja chinthucho, n'kupeza kuti n'chouma, chosachedwa kusweka, cha mtundu wa mbiya yootcha. Tangoganizani munthu akukupatsani phale la mphika wadothi n'kukuuzani kuti mulikulunge pa bobini ngati ulusi.

Njira imene yapambana inatenga zaka zambiri. Amatenga tepi ya chitsulo cholimba cha nickel, yopyapyala ngati pepala, yotambalala mamilimita 4 kapena 12. Pamwamba pake amapaka timiyalo tingapo tosaoneka ndi maso, kenaka mbiya ija, yokhuthala micrometre imodzi mpaka atatu basi. Tsitsi la munthu ndi lokhuthala kuposa pamenepo kuwirikiza ka 20 kapena kupitirira. Amavindikira ndi siliva, kenaka kopa. Chinthu chopyapyala chotero chimapindika osasweka. Koma pali lamulo lina lovuta: timibulu ta mbiyayo tiyenera kuyang'ana mbali imodzi tonse. Kamodzi kakakhota madigiri ochepa chabe, magetsi amavutika kuwoloka malire a kameneko ndi kanzake, monga sitima ya pamtunda pamene zitsulo za njanji sizinalunjikane pa mfundo. Tepi ya mamita 500 imakhala yabwino molingana ndi malo ake ofookamo. Kamalo kamodzi kotalika ngati chikhadabo kamalamulira koyilo yonse.

Superconductor ali ndi malire atatu olumikizana: kutentha, mphamvu ya maginito omuzungulira, ndi karenti imene wanyamula. Mukakweza chimodzi, mpata wa ziwiri zinazo umachepa. Apa ndi pomwe wopanga koyilo amagona mochedwa. Pa 77 kelvin kuziziritsa n'kosavuta, koma m'kati mwa maginito amphamvu tepi imanyamula karenti yochepa, ndiye mugula tepi yambiri, ndipo tepi ndi yodula. Mukatsikira ku 30 kelvin tepi yomweyo imanyamula kuwirikiza kangapo, koma firiji yanu ilira. Masamu a Carnot amati ngakhale firiji yangwiro, kuti ichotse watt imodzi ya kutentha pa 30 kelvin n'kukaitaya kunja kwa 300 kelvin, imadya ma watt 9. Mafiriji enieni ali kutali ndi ungwiro, amadya makumi ambiri, mwina kufika 100. Pa 4 kelvin firiji yangwiro yomweyo ikufuna 74, ndiye yeniyeni muiganizire nokha. Kumeneko kuli waya wa MRI uja, wotchipa komanso wodziwika bwino, ndipo akatswiri a General Electric ku America anatsata njira imeneyo ndi thandizo la boma lawo. Pakati pali magnesium diboride, amene gulu la Jun Akimitsu ku Japan linapeza mu 2001 kuti amataya resistance pa 39 kelvin; ntchito ina ya ku Ulaya yotchedwa Suprapower inayesa iyeyu. Aliyense amangosankha kumene akufuna kukasiya ndalama zake, kwa wogulitsa waya kapena kwa wogulitsa firiji.

China chimene mabuku a kusukulu satchula n'chakuti resistance ya ziro ija ndi ya karenti yosasintha, DC. Karenti kapena maginito zikamasinthasintha, superconductor nayenso amatenthako, ndipo mtengo wa watt imodzi kumalo ozizira tauona kale. N'chifukwa chake ambiri amaika superconductor pa makoyilo opanga maginito okha, amene amadya DC, pomwe makoyilo otulutsa magetsi a AC amakhalabe a kopa wamba, kunja. M'jenereta imodzi mumakhala mbali ina yozizira kuposa malo alionse a padziko lapansi, ndi ina yotentha yoti simungaigwire ndi dzanja, zotalikirana masentimita ochepa.

Koyilo yake siikhala yozungulira ngati mphete. Imafanana ndi bwalo la mpikisano wothamanga, mbali ziwiri zowongoka ndi nsonga ziwiri zokhota. Tepi amaikulunga mosanjikiza ngati tepi ya kaseti (inu amene mukukumbukira kukulunga kaseti ndi bolopeni kuti mabatire asathe mwandimva). Pokhota pali malire, mukapinda kwambiri mbiya ija ing'aluka. Karenti ikangolowa, lamulo la dzanja lamanzere la Fleming, lija ana amapotokola nalo zala m'chipinda cha mayeso, limayamba ntchito yake. Waya amakankhidwira kunja, mbali zowongoka zija zimafuna kufufuma ngati mimba, ndiye muyenera kuzimanga ndi chitsulo. Mukamata ndi guluu wa epoxy kuti zisagwedere, pozizira guluuyo amakwinyika kwambiri kuposa chitsulo, n'kumakoka timiyalo ta tepi mpaka tingamatuke ngati makoko a anyezi. Tepi imeneyi ndi yolimba mukaikoka m'litali, yofooka mukaisenda. Ilinso ndi tsankho. Maginito akaiboola pa nkhope yake, karenti imene ingathe kunyamula imatsika kwambiri kuposa akamayenda motsatira nkhopeyo. Wopanga ayenera kufufuza pa kompyuta malo oipitsitsa m'koyilo yonse, n'kuika karenti ya jenereta pansi pa malire a malo amenewo, kusiyanso kampata kosungira.

Zonsezi zimakhala m'fulasiki yaikulu. Ndikutanthauza fulasiki yeniyeni, nzeru yake ndi yomweija ya fulasiki ya tiyi: makoma awiri, pakati popanda mpweya, ndi timapepala tonyezimira tobweza kutentha. Kusiyana kwake n'kwakuti fulasiki ya tiyi siisenza katundu. Iyi, mphamvu ya anthu 13,000 aja iyenera kudutsa kuchoka ku shafti yofunda kukafika ku makoyilo ozizira. Chitsulo chokhuthala n'cholimba, koma ndi msewu waukulu wolowera kutentha. Chopyapyala chimatchinga kutentha, koma chithyoka. Ndiye amathawira ku zinthu monga fibreglass, ndipo powerengera saganizira tsiku labwino lokha. Amaganizira tsiku limene kwachitika shoti pa mawaya, pomwe jenereta imagwedezeka ndi torque yoposa ya masiku onse kangapo.

Chimene mainjiniya amachiopa kuposa zonse ndi quench. Tinene kuti kamalo kamodzi ka tepi kafundako pang'ono, kaya chifukwa cha kufooka kwake, kaya firiji yatsokomola. Pamenepo resistance yabwerera. Karenti ya ma ampere mazana ikupitirirabe, chifukwa koyilo yaikulu siilola karenti kuima mwadzidzidzi, ndiye I²R uja wabwera ndi ukali wake wonse pa kamalo kakang'ono. Mu waya wa MRI vuto lotere limafalikira msanga, mamita angapo pa sekondi, kutentha n'kugawanika koyilo yonse, zida n'kuzindikira mwachangu. Mu tepi ya mbiyayi limayenda ngati bilimankhwe, masentimita ochepa pa sekondi. Zikumveka ngati ubwino, eti? Ayi ndithu. Kutentha konse kumaunjikana pamalo amodzi, voteji yoti zida zione ndi ya ma millivolt ochepa m'kati mwa makina odzaza ndi phokoso la magetsi, ndipo pofika pozindikira mwina tepi yapsa kale. Ndi moto wa mu utuchi, wonyekera pansi osaonetsa lawi. Kopa wa pamwamba pa tepi uja amaikidwa kuti karenti ipeze polambalalira kwa kanthawi, ndipo kunja kumakhala resistor yaikulu yotayirako mphamvu yonse imene yasungidwa m'maginito.

Mu 2011 Seungyong Hahn ndi anzake ku MIT anabwera ndi nzeru yoti mphunzitsi aliyense wa za magetsi angatayire choko pansi: kukulunga koyilo popanda chotchinga pakati pa mizere ya tepi. Ife timaphunzitsa kuti imeneyo ndi shoti. Koma poti superconductor alibe resistance, karenti imatsata njira yake yozungulira bwinobwino, ndipo pakaoneka vuto m'pamene imadumphira ku mzere woyandikana nawo n'kupitirira. Nayonso nzeruyi ili ndi matope ake. Koyilo yotere imachedwa kudzaza ndi kukhuthula maginito, ndipo m'makina ozungulira, momwe katundu amasinthasintha ndi mphepo, kuchedwa kumeneko kumafuna kukuganizira bwino.

Zonsezi zikanangokhala nkhani za m'mapepala a ku yunivesite pakanapanda ntchito yotchedwa EcoSwing, imene European Union inathandiza ndi ndalama kuyambira 2015 mpaka 2019. Mutu umodzi susenza denga: tepi inapangidwa ndi THEVA ku Germany, jenereta inalumikizidwa ndi Jeumont Electric ku France, University of Twente ya ku Netherlands inayesa makoyilo, ndipo makina a mphepo anali a Envision, a mapiko awiri, a mamegawati 3.6, oima ku Thyborøn, tauni ya asodzi kugombe la kumadzulo kwa Denmark. Anachotsa jenereta ya maginito wamba n'kuikapo yawo mu 2018. Inali ndi makoyilo 40, iliyonse yotalika mamita pafupifupi 1.4, ndipo tepi yonse inaposa makilomita 20, kuchoka pakati pa mzinda wa Blantyre mpaka kupitirira bwalo la ndege la Chileka. Mbiya yake inali ya gadolinium m'malo mwa yttrium. Chitsulo cha m'kati mwa jenereta sanachichotse ngakhale chimalemera, chifukwa chimathandiza kulondolera maginito, tepi n'kufunika yochepa. Apa mukuona kuti anthuwa ankawerenga ndalama. Koyilo iliyonse inayesedwa payokha isanamangidwe, ndipo oposa 90 pa 100 alionse anachita monga ankayembekezera, kutanthauza kuti ena ochepa sanatero. Mitu ya mafiriji inkazungulira pamodzi ndi makoyilo, makompuresa ali chiimire pambali, mpweya wa helium ukudutsa pa cholumikizira chozungulira. Kuziziritsa kunatenga masiku 14, ndipo makoyilo anazizira kupitirira 30 kelvin imene ankafuna. Ataiyesa kaye pansi ku Bremerhaven, ku Germany, anaikweza pa mlongoti, ndipo inapereka magetsi ku mawaya a dziko la Denmark kwa maola oposa 650. Mulifupi mwake inali mamita pafupifupi 4, pomwe imene anachotsayo inali yoposa mamita 5.

Maola 650 ndi masiku 27. Makina a mphepo amagulidwa kuti agwire zaka 25. Makampani akuluakulu akugulitsabe majenereta a maginito wamba, ndipo ine sindiwada nazo. Munthu amene wabwereka ndalama kubanki kuti aimike makina 100 m'nyanja safuna kumva kuti jenereta ikafunda chifukwa cha vuto la firiji, adzadikira masabata awiri kuti izizirenso pamene mphepo ikuwomba ulele. Maganizo anga ndi akuti nzeru ya makoyilo yaoneka kale kuti ikutheka. Chimene chidzagamule mlanduwu ndi mtengo wa tepi pa mita. Chodabwitsa n'chakuti amene akukankha mtengowo ndi anthu ena, ofuna kupanga magetsi a fusion. Mu Seputembala 2021 MIT pamodzi ndi Commonwealth Fusion Systems anayesa maginito a tepi ya mtundu womwewu n'kufika pa ma tesla 20, ndipo anthu amenewa amagula tepi makilomita mazanamazana. Mafakitale akamapanga chinthu chambiri mtengo umatsika. Zinatero ndi sola, amene lero mumampeza ngakhale pa denga laudzu kumudzi.

Wina afunsa kuti nanga ife zikutikhudza bwanji, poti tilibe nyanja yamchere? Makina a mapiko a mamita 115 musawayembekezere kuno. Tangoganizani phiko limenelo litakwera thiraki ku doko la Beira, likuyesa kukhota pa Zalewa. Koma neodymium uja ali pansi pa nthaka yathu. Ku Kangankunde, m'boma la Balaka, kuli kampani ya ku Australia ya Lindian Resources, ndipo ku Songwe Hill, ku Phalombe, kuli ya ku Canada ya Mkango Resources. Chimene chikuwakoka kwambiri ndi neodymium ndi praseodymium, zopangira maginito a galimoto zamagetsi ndi makina a mphepo. Pafupifupi 90 pa 100 alionse a maginito oterewa amapangidwa ku China. Maiko a azungu anaphunzira mu 2010 ndi 2011, pomwe China inachepetsa zogulitsa kunja mitengo n'kulumpha moopsa, kuti kugula kwa munthu mmodzi n'kudzimanga chingwe. Mu Epulo 2025 China inaikanso lamulo lofuna chilolezo potumiza kunja mitundu 7 ya miyala imeneyi. Mantha amenewa ndi amene akutumiza anthu ku Balaka, ndipo ndi omwewonso akulipira kafukufuku wa makoyilo ozizira.

Werengani nokha. Tiyerekeze tepi ya makilomita 20, yotambalala mamilimita 12, mbiya yake yokhuthala ma micrometre 2. Mbiya yonseyo siikwana theka la lita, ndipo gadolinium wa m'menemo sapitirira kilogalamu imodzi. Jenereta ya maginito wamba ya mphamvu yofanana imadya maginito olemera kuposa tani. Sindikunena kuti migodi yathu idzasowa msika mawa. Galimoto zamagetsi zokha zikufuna maginito ambiri, ndipo palibe amene adzaike firiji ya 30 kelvin mu minibasi posachedwapa. Koma wogula amene akutiyendera lero ndi chimwemwe ali ndi anthu m'malabotale amene ntchito yawo ndi kupeza njira yoti asadzatifunenso. Alimi a fodya akudziwa kamvekedwe ka nkhani yotere. Amene amasayinira mapangano a migodi a zaka zambiri m'dzina lathu atakhala ndi munthu mmodzi pa tebulo wodziwa kusiyana kwa 30 kelvin ndi 77 kelvin, ine ndingagone bwino.

Vuto la kuzungulira pang'onopang'ono lija linamupezanso William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, pamene ankapanga makina ake a mphepo mu 2002. Jenereta yake inali dayinamo ya njinga, maginito ozungulira pakati pa koyilo ya kopa, ndipo dayinamo imafuna liwiro. Giyabokosi yake inali njinga yomweyo: tcheni chikuzunguza tayala, tayala lalikulu likuzunguza kamutu kakang'ono ka dayinamo.

A Fomu 4 amene mwafika mpaka pano, nayi ntchito yanu. Makina a mamegawati 15 akuzungulira ka 8 pa mphindi. Pezani torque, kenaka muwerengetse kuti pakufunika anthu angati a makilogalamu 70 pa sipanala ya mita imodzi. Tengani g kukhala 10. Muonetse njira yonse, yankho lopanda masamu sindichonga. Ndilandira Lolemba m'mawa.